Kaseti ya Chopin ndi Mboni Zina

Mawu amene mmodzi mwa ife adalankhula pamsonkhano wa pachaka wa bungwe lathu, nkhomaliro itatha.



Alembi atandiimbira lamya kuti chaka chino wolankhula ndine, ndidayesa kuti akufuna za kuntchito, kaya za penshoni, kaya za mmene mwana angalowere ntchito m'boma. Iwo adati ayi, zimenezo timazimva pawailesi, inu mudzatiuze za nyimbo zanu zopanda mawu zija zimene munkatisowetsa nazo mtendere kuhositelo. Choncho wina akaodzera masana ano, mlandu ugawidwe pakati pa alembi ndi nsima.

Nyimbo zimene akunenazo ndi za piyano, zoimba munthu mmodzi, popanda ng'oma ndiponso popanda woimba pakamwa. Zidapekedwa ku Ulaya kuyambira cha m'ma 1820 mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, nyengo imene odziwa mbiri ya nyimbo amaitcha Romantic. Dzinali lisakusocheretseni, sakunena za zibwenzi. Akunena za nthawi imene opeka nyimbo adayamba kutulutsa poyera za mumtima mwawo: chisoni, kupukwa kwawo, maganizo amene amadza munthu akasowa tulo. Mayina akuluakulu ndi Schubert, Chopin, Schumann, Liszt ndi Brahms. Ine ndine womvera chabe, zala zangazi zidazolowera cholembera ndi chidindo. Ndiye ndilankhula ngati womvera, za zimbale ndi makaseti zimene nyimbozi zidatifikira nazo.

Ndidakumana nazo ndili Fomu 2. Aphunzitsi athu ena, amene ambiri a inu mukuwakumbukira ndi njinga yawo yakuda, adandituma kukasiya makope kunyumba kwawo Loweruka masana. Nditafika pakhonde ndidamva kulira kwa chinthu chimene poyamba ndidayesa limba la kutchalitchi, koma mawu ake ankagwa limodzilimodzi ngati madontho a padenga mvula itakata. Ndidaima pomwepo ndi makope m'manja mpaka nyimbo idatha. Atandipeza sadandikalipire. Lolemba lake adandipatsa kaseti ya mphindi 60 imene adajambulira kuchokera pachimbale chawo cha galamafoni, ndipo pakapepala adalembapo mawu awiri okha: Chopin, Rubinstein. Ine ndidayesa kuti ndi dzina la munthu ndi la bambo ake.

Kaseti imeneyo ndidaimvera zaka zambiri, kuno ndi kukoleji komwe. Mabatire akafooka nyimbo inkakoka miyendo ngati ng'ombe yotopa pangolo, mawu nkutsika. Pofuna kusunga mabatirewo ndinkabweza tepi ndi bolopeni, monga tonse tinkachitira. Chimbale cha aphunzitsi chidali ndi pokalika, choncho m'nyimbo yachiwiri munkamveka kuti thi, thi, thi, ndipo khutu langa lidazolowera mpaka kumayembekezera kaphokosoko ngati mbali ya nyimbo. Choposa zonse, tepi ya mbali yoyamba idatha nyimbo yachisanu ndi chimodzi ili pakati. Zaka zonsezo ndinkakhulupirira kuti Chopin adaimaliza choncho, mwadzidzidzi, ndipo ndinkamutama mumtima kuti ameneyu adali mwamuna wolimba chiwindi.

Nditayamba ntchito ndidatuma mnzanga wopita kunja kuti andigulire CD ya nyimbo zomwezo. Apa nkuti nditadziwa kuti zimatchedwa Nocturnes, ndiye kuti nyimbo za usiku, ndi kuti zilipo 21. Adandibweretsera yoimba mayi wa ku Portugal, Maria João Pires, imene idatuluka m'chaka cha 1996. Pamenepo mpamene ndidamva koyamba chidutswa chimene tepi idandimana: kumapeto kwa nyimbo yachisanu ndi chimodzi ija kumabwera kanyimbo kachete ngati ka kwaya, kamene Chopin adalembapo mawu akuti religioso. Koma kunena zoona, tsiku limenelo ndidakwiya kuposa kukondwa. Mayiyu ankapuma pamene Rubinstein sankapuma, ankakweza pamene iye ankanong'ona. Ndidauza mayi a kunyumba kuti ndalama zapita m'madzi, munthuyu akulakwitsa nyimbo. Iwo adangofunsa kuti, "Nanga inu mwadziwa bwanji kuti wolakwitsa si woyamba uja?" Patapita nthawi ndidamvanso kuti Arthur Rubinstein mwini wake adajambula nyimbozi katatu, m'zaka za m'ma 1930, cha m'ma 1950, ndiponso pakati pa 1965 ndi 1967, ndipo maulendo atatuwa safanana. Woyamba ngwomasuka ndi wothamangirako, womaliza ngwodekha. Funso la mayi a kunyumba lija ndilo ndabwera nalo pano.

Woti akadatiweruzira mlanduwu ndi Chopin, koma palibe makina amene adamumva. Frédéric Chopin adabadwira ku Poland m'chaka cha 1810 ndipo adamwalira ku Paris mu 1849, ali ndi zaka 39. Makina oyamba osunga mawu ndi kuwabwezanso adawapanga Thomas Edison mu 1877, patapita zaka 28. Schubert adali atapita kale mu 1828, Robert Schumann mu 1856. Franz Liszt, amene anthu ankalimbirana mipango yake akatha kuimba, adakhala ndi moyo mpaka 1886, makinawo alipo, koma palibe kamawu kake kamene tili nako. Clara Schumann, mkazi wa Robert, adaimba piyano pamaso pa anthu zaka zoposa 60 ndipo adamwalira mu 1896 osajambulidwa. Za Chopin timangodalira zimene adalemba omwe adamumva. Iwo akuti ankaimba motsitsa kwambiri, mpaka ena okhala kumbuyo kwa holo ankadandaula. Sankakonda chigulu, moti moyo wake wonse adaimba poyera maulendo pafupifupi 30 okha. Piyano imene ankaikonda, ya kampani ya Pleyel, idali ya mawu opepuka kusiyana ndi zimphona za Steinway zimene timamva pazimbale zambiri.

Chimene adatisiyira ndi mapepala. Inu amene mudali m'kwaya mukudziwa kuti manotsi amakuuzani mawu oti mugunde ndi kutalika kwake, koma sakuuzani zonse. Pamwamba pa nyimbo yachiwiri ija, imene m'mabuku amailemba kuti Op. 9 No. 2, Chopin adaikapo liwu la Chitaliyana lakuti Andante, lotanthauza kuyenda. Kuyenda kwake kwa yani? Kwa mtsikana wopita kuchitsime m'mawa, kapena kwa agogo ochokera kumaliro? Palinso chinthu china chimene amachitcha rubato, ndiye kuti kuba nthawi. Ophunzira a Chopin adasimba kuti iye ankafuna dzanja lamanzere lisunge nthawi mosagwedezeka, pamene lamanja likuyenda momasuka ngati munthu woimba pakamwa, kuchedwa pang'ono apa, kufulumira apo. Kuchedwa kwake kochuluka bwanji, pepala silinena. Ife a m'boma zoterezi timazidziwa. Kalata imodzi ikachoka kulikulu, maofesi khumi amaimva mwa njira khumi, ndipo aliyense amalumbira kuti watsata zolembedwa.

Mwa akuluakulu asanu aja, mmodzi yekha ndiye tingamumve, komanso movutikira. Pa 2 Disembala 1889 mtumiki wa Edison, dzina lake Theo Wangemann, adafika ndi makina ake m'nyumba ina ku Vienna, ndipo Johannes Brahms adaimba gawo la Hungarian Dance No. 1, mawu nkulembedwa pakachubu ka phula. Kachubuko kadaonongeka kwambiri. Mukamvera lero zimakhala ngati mvula ya matalala padenga la malata, kwinaku wina akusinja kumudzi wa patsidya. Komabe amene adakhalira pansi kamphindi kameneko nkukamvera mobwerezabwereza adapeza chinthu chodabwitsa. Brahms sakuimba ndendende monga adalembera yekha. Manotsi ena akuwatalikitsa, ena akuwafupikitsa, pena akuonjezera zake. Mwini nyimbo ndiye woyamba kupatuka papepala.

Zimbale zozungulira zitabwera, mavuto sadathe. Kufikira 1925 pojambula padalibe maikolofoni. Mawu ankalowa m'chilipenga chachikulu nkugwedeza singano yolemba paphula, ndipo mawu apansi kwambiri ndi onong'ona ankatayika panjira. Chimbale chinkazungulira maulendo 78 pamphindi, ndipo mbali imodzi ya chimbale chachikulu inkanyamula mphindi zinayi ndi theka basi. Ukaphonya notsi imodzi kumapeto, palibe kukonza, uyambirenso kapena uisiye choncho. Ferruccio Busoni, mmodzi mwa akatswiri opambana a nthawi imeneyo, atapita kukajambula ku London mu 1919 adalembera mkazi wake modandaula kuti amuuza kuti nyimbo ya mphindi khumi, imene Liszt adaikonza kuchokera m'sewero la Faust, aipanikize m'mphindi zinayi. Choncho mukamva nkhalamba ya pachimbale chakale ikuthamanga, musafulumire kunena kuti makolo ankaimba choncho. Mwina phula ndilo linkatha, monga tepi yanga ija.

Ngakhale zili choncho, zimbale zakalezo nzamtengo wapatali, chifukwa mwa izo timamva adzukulu a mwini nyimbo. Chopin adali ndi wophunzira wake wokhulupirika, Karol Mikuli, amene pambuyo pake adaphunzitsa ena. Awiri mwa iwo, Moriz Rosenthal ndi Raoul Koczalski, adakhala ndi moyo mpaka m'zaka za m'ma 1940 ndipo adajambula zimbale. Rosenthal adaphunziranso kwa Liszt. Koczalski adajambula Op. 9 No. 2 yomwe ija, ya thi, thi, thi, koma ataikongoletsa ndi timanotsi tambiri tothamanga timene simungatipeze m'buku wamba. Timeneti si tongopeka iye ayi. Chopin ankalembera ophunzira ake zokometsera zotere ndi pensulo m'mabuku mwawo, wina izi, wina izo, ndipo ena mwa mabukuwo adasungidwa. Nditamva chimbale chimenechi ndidachita manyazi ndi mkwiyo wanga uja. Ndinkateteza nyimbo imene mwini wake ankaisintha akafuna.

Mudzamvanso kuti oimba akale ambiri sankagunditsa manja awiri nthawi imodzi. Lamanzere linkatsogola pang'ono, lamanja nkubwera pambuyo. Mwana wa sukulu akachita zimenezi lero, aphunzitsi amudzudzula kuti ngwosasamala. Koma Ignacy Paderewski ankachita zomwezo ndipo maholo ankadzaza. Ameneyu, tinene podutsa, adadzakhala nduna yaikulu ya dziko la Poland mu 1919, kusonyeza kuti munthu angathe kuchoka papiyano kupita m'boma. Za kuchoka m'boma kupita papiyano ine ndidayesa, zidakanika.

Ndikhalitse pang'ono pa chimbale chimodzi chimene ndimachiona ngati chopambana pa zonse za nthawi imeneyo. Mu 1930 Sergei Rachmaninoff, wa ku Russia, amene adali wopeka nyimbo komanso woimba, adajambula Sonata No. 2 ya Chopin. Gawo lake lachitatu ndi nyimbo ya maliro imene ambiri mudaimvapo ngakhale osadziwa mwini wake, ndipo idaimbidwanso pamaliro a Chopin yemweyo ku Paris. Ili ndi zigawo zitatu: kuguba kolemera, kenaka kanyimbo kofatsa kotonthoza, kenaka kuguba kuja kubweranso. Papepala Chopin adalemba kuti pobwereranso kuguba kuyambe motsitsa. Rachmaninoff sadatero. Iye akuyamba chapansipansi ngati operekeza maliro akadali kutali, nkumakweza pang'onopang'ono pamene akuyandikira. Kanyimbo kotonthoza katatha, kuguba kukugwa ndi mphamvu zonse, ngati mwatukula maso mwadzidzidzi nkupeza bokosi lili patsogolo panu penipeni. Kuchokera apo mawu akunka natsika, anthu akupitirira, mpaka kuzimirira kuseri kwa mitengo. Aliyense amene adaimapo m'mbali mwa msewu, chipewa m'manja, kudikira kuti maliro adutse, adziwa chimene munthuyu akuchita. Wasemphana ndi pepala, ndipo alipo akatswiri amene mpaka lero sagwirizana naye. Ine ndikamvera ena otsata pepala ndimavomereza kuti ali m'chilungamo, koma ndikatha ndimabwerera kwa Rachmaninoff.

Wina wa nthawi yomweyo ndi Mfalansa Alfred Cortot, wotchuka pa zinthu ziwiri, kukoma kwa mawu ndi kuphonya manotsi. Études 24 za Chopin, nyimbo zovuta zimene adazilemba zolimbitsira zala, Cortot adazijambula mu 1933 ndi 1934, ndipo zophonya zake ngakhale ine ndimazimva. Maurizio Pollini wa ku Italy adajambula zomwezo mu 1972 popanda kachilema ndi kamodzi komwe, zowala ngati mpeni wonola kumene. Ndili mnyamata ndikadasankha Pollini mosaganiza kawiri. Lero ndimasunga onse awiri, koma ndikakhala ndekha usiku amene amatuluka m'kabati ndi Cortot, chifukwa pansi pa chigumula cha manotsi iye amapeza kanyimbo kobisika nkukaimba ngati munthu.

Kusiyana kwa awiriwa si kwa zala zokha. Pakati pawo padalowa tepi. Nkhondo yachiwiri itatha makampani adayamba kujambula patepi, ndipo mu 1948 kudabwera chimbale cha LP chonyamula mphindi zoposa 20 mbali imodzi. Tepi ungaidule ndi lezala nkumata. Woimba angabwereze malo ovuta kakhumi, amisiri nkusankha pamene padayenda bwino, nkulumikiza. Chimene mumamva pachimbale cha m'situdiyo kawirikawiri ndi nsalu yosokedwa kuchokera ku zigamba zambiri, yosokedwa mwaluso moti msoko suoneka. Ngakhale zojambulidwa m'holo zimakonzedwa. Pa 9 Meyi 1965 Vladimir Horowitz adabwerera pansanja ya Carnegie Hall ku New York atakhala zaka 12 osaimba poyera. Mu Fantasie ya Schumann muli malo amene manja onse awiri amadumpha uku ndi uku mothamanga, ndipo tsiku limenelo zala zidamuterereka. Pachimbale chimene chidatuluka malowo adali atakonzedwa. Zenizeni za tsikulo zidatulutsidwa mu 2003, mwini wake atamwalira kale. Sindikunena kuti kukonza ndi tchimo. Nafenso maminitsi a msonkhano timawakonza, sitilemba kuti wapampando adachita chibwibwi. Koma wowerenga maminitsi azidziwa kuti msonkhano weniweni udali ndi phokoso lake.

Pamene kukonza kudafika pa kuba ndi pa nkhani ya Joyce Hatto. Mayiyu adali Mngelezi, woimba piyano wodziwika pang'ono, amene adasiya kuimba poyera mu 1976. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 kampani yaing'ono ya mwamuna wake, William Barrington-Coupe, idayamba kutulutsa ma CD ake ambirimbiri, mpaka adapitirira 100. Mudali Chopin, mudali Liszt, Brahms, Rachmaninoff, ndi nyimbo zina zovuta zimene akatswiri ambiri amazilambalala. Nkhani imene inkayenda nayo idali yogwira mtima: mayi wokalamba, wodwala khansa, woiwalidwa ndi dziko, akujambula mwakachetechete pafupi ndi kwawo. Olemba za nyimbo m'manyuzipepala akuluakulu adamutamanda kwambiri, ndipo atamwalira mu 2006 adamulira ngati chuma chimene dziko lidachizindikira mochedwa.

Mu Febuluwale 2007 munthu wina adaika CD ya Hatto ya Transcendental Études za Liszt m'kompyuta yake. Kompyuta imazindikira chimbale poyerekeza kutalika kwa nyimbo zake ndi kaundula wa pa intaneti, ndipo idalemba dzina lina, László Simon, woimba wa ku Hungary. Magazini ya Gramophone idapempha katswiri wa zamawu kuti ayerekeze ziwirizo, ndipo zidapezeka kuti nyimbo zambiri pa CD imeneyo nzimodzimodzi. Atafufuza zimbale zina adapeza eni ake enieni ambirimbiri, ena otchuka, ena achinyamata osadziwika. Nyimbo zina adazithamangitsa kapena kuzichedwetsa pang'ono ndi kompyuta kuti zisadziwike. Mwamunayo pambuyo pake adavomera. Chimene chimandiluma pa nkhaniyi si kubako kokha. Zimbale zina zidatamandidwa kwambiri pa dzina la Hatto kuposa mmene zidatamandidwira pa mayina a eni ake. Mawu adali omwewo, chidasintha ndi nkhani ya pachikuto. Akatswiri a makutu akuthwa adamvera nkhani ya mayi wodwala. Sindingawaseke, popeza inenso ndidakhala zaka ndikumvera kapepala ka aphunzitsi anga.

Nchifukwa chake ndimakonda zimbale zimene sizibisa tsiku lake. Mu Febuluwale 1958 Sviatoslav Richter adaimba mumzinda wa Sofia ku Bulgaria. Anthu m'holo akutsokomola ngati pamzere wa kuchipatala mwezi wa Juni, makina ojambulira ngosalongosoka, ndipo nyimbo ya Mussorgsky, Pictures at an Exhibition, itangoyamba kumene iye akuphonya notsi poyera. Kampani ina iliyonse ikadataya tepi yotere. Koma pofika kumapeto piyano ikulira ngati mabelu a mzinda wonse, ndipo chifuwa cha anthu aja mwachiiwala kalekale. Momwemonso Horowitz uja, atabwerera ku Moscow mu Epulo 1986, ali ndi zaka 82, patapita zaka 61 chichokere kwawo, adaimba kanyimbo kakafupi ka Schumann kotchedwa Träumerei, ndiye kuti kulota. Kanyimboka ana ophunzira piyano amakaimba. Pakanema wa tsikulo pakuoneka bambo wina wa imvi m'chigulumo, misozi ikutsika patsaya, osaipukuta.

Zonse ndatchulazi ana athu angazipeze pafoni, kuyambira kachubu ka Brahms mpaka Yunchan Lim wa ku South Korea, amene mu 2022, ali ndi zaka 18, adapambana mpikisano wa Van Cliburn ku Texas ataimba Études 12 za Liszt zija motsatizana. Ife tidali ndi kaseti imodzi, iwo ali ndi nyanja, ndipo ndaona kunyumba kwanga kuti mwini nyanja samaliza nyimbo, amadumphira ina isanafike pakati. Wina akandifunsa poyambira, ndimamuuza kuti asankhe kanyimbo kamodzi kakafupi, Träumerei kapena Op. 9 No. 2, akamvere kwa woimba mmodzi sabata yathunthu mpaka atamakang'ung'udza posamba. Akatero apite kwa wachiwiri. Pamenepo adzakwiya monga ndidakwiyira ine, ndipo mkwiyo umenewo ndiwo chizindikiro chakuti khutu latseguka. Träumerei yomweyo aimverenso kwa Fanny Davies, wophunzira wa Clara Schumann, amene adaijambula mu 1929. Adzapeza kuti mayi amene adaphunzira m'nyumba ya eni nyimbo sakokera, amayenda ndithu, ndipo salira.

Ndatsala ndi chimbale chimodzi. Dinu Lipatti adabadwira ku Bucharest m'dziko la Romania mu 1917, ndipo adaphunzirako kwa Cortot ku Paris. Asanakwane zaka 30 adayamba kudwala, ndipo matenda ake adapezeka kuti ndi khansa ya mtundu wa Hodgkin. Pakati pa chaka cha 1950 adalandira mankhwala atsopano a cortisone amene adamubwezera mphamvu kwa kanthawi. Kampani yake itamva idathamangitsira makina ku Geneva, ndipo m'mwezi wa Julaye adajambula ma Waltz 14 a Chopin, nyimbo zopepuka zotengera gule wa m'maholo a ku Ulaya. Mukamvera chimbale chimenecho simungaganize kuti akuimbayo ndi wodwala. Zala nzopepuka, palibe kudzimvera chisoni, palibe kukokera kuti anthu alire.

Mphamvu ya mankhwala itatha, iye adali atalonjeza kale kukaimba mumzinda wa Besançon ku France pa 16 Seputembala. Madokotala adamuletsa, iye adakana. Adaimba Bach, Mozart ndi Schubert, kenaka adayamba ma Waltz aja, ndipo wailesi ya ku France inkajambula. Adaimba woyamba, wachiwiri, mpaka wa 13. Utatsala umodzi, Op. 34 No. 1, mphamvu zidamuthera ndipo adachoka pansanja. Anthu adakhala chete osabalalika. Patapita kanthawi adabweranso nkuimba nyimbo yachete ya Bach imene adaikonzera piyano mayi Myra Hess, koma imeneyo pachimbale palibe. Adamwalira ku Geneva pa 2 Disembala 1950, patangotha masabata 11, ali ndi zaka 33. Choncho tili ndi zimbale ziwiri za munthu mmodzi, nyimbo zomwezo, zosiyana ndi miyezi iwiri. China chili ndi ma Waltz 14, china 13. Ndimathokoza kuti cha Seputembala adachisiya chopereweracho.

Bambo Wapampando, alembi akundionetsa wotchi. Aphunzitsi a njinga yakuda aja adatisiya, koma kaseti yawo ndabwera nayo, ili apa, ndipo mnyamata wina wandibwereka wailesi imene ikuwerengabe makaseti. Ndipempha achimwene ali kukhomoko atitsekere chitseko, ndi amene mafoni awo ali otsegula awatontholetse kwa mphindi khumi. Tiyamba ndi Rubinstein, nyimbo yachiwiri ya mbali yoyamba. Mukamva thi, thi, thi musadabwe. Ikatha tidzamvera yomweyo kwa Koczalski, pafoni.